Mkazi wa Mbona: Kupenda Mawu Otchulira Miyambo ya Mvula ndi Kubereka m'Chigwa cha Shire

1.0 Mawu Oyamba

M'chaka cha 1992 Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort amene anakhala zaka zambiri m'chigwa cha Shire, anatulutsa buku lotchedwa River of Blood, lofotokoza chiyambi cha chipembedzo cha Mbona pakati pa Amang'anja a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Akatswiri a mbiri yakale analipenda kale bukuli, ndipo sitifuna kubwereza ntchito yawo. Chimene tikufuna kupenda m'kapepala kano ndi mawu amene timatchulira ukwati wa Mbona ndi mkazi wake Salima pamene tikulemba m'Chingerezi kapena pomasulira, poyerekeza ndi mawu amene eni mwambowo amagwiritsa ntchito.

Mfundo yathu ndi iyi. Pali mayina awiri a Chingerezi amene amamveka kawirikawiri pokamba za miyambo yotere, lina lakuti fertility cult, lina lakuti sacred marriage. Mayinawa anakulira m'maphunziro a zipembedzo zakale za ku Mesopotamia ndi ku Greece, ndipo akafika kwathu kuno amabwera ndi katundu wawo. Amachititsa wowerenga kuganiza kuti pachimake pa mwambowo pali kugonana, pamene mawu a Chimang'anja akuloza ku kudziletsa. Nkhaniyi ikukhudza olemba mabuku otanthauzira mawu, omasulira malamulo, ndi onse okonza za chinenero chathu.

2.0 Mbona ndi Salima Mwachidule

Nkhani ya Mbona imakambidwa mosiyanasiyana, koma msana wake ndi umodzi. Mbona anali munthu wodziwa kuitana mvula. Atayambana ndi akuluakulu a kwawo anathawira kummwera, adani ake ali pambuyo. Anamupeza kufupi ndi dambo la Ndindi ku Nsanje, namudula mutu, ndipo magazi ake anasanduka mtsinje. Mutuwo unaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wake. Malowa anaikidwa pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa m'chaka cha 2011.

Ngakhale kachisiyo ali ku Nsanje, mwambowo sungamveke popanda Chikwawa, pakuti kumeneko, ku Mbewe, ndi kumene kuli likulu la mfumu yaikulu Lundu. Mwa udindo wa Lundu munali kupereka mkazi wokakhala ku Khulubvi monga mkazi wa Mbona, ndipo mkazi aliyense wolowa pa udindowu ankatchedwa Salima. Ankakhala m'nkhalangomo osakwatiwa ndi mwamuna wina aliyense, ndipo anthu ankakhulupirira kuti Mbona amamuyendera atasanduka nsato. Nsalu ndi ziweto zoperekedwa nsembe zinkakhala zakuda, monga mitambo ya mvula.

Njoka, mkazi, usiku, mvula: munthu wowerenga mabuku a ku Ulaya akaona zinthu zinayi zili pamodzi, maganizo ake amathamangira kumodzi. Tiyenera kufunsa kumene chizolowezi chimenechi chinachokera.

3.0 Kumene Mayina a Chingerezi Anachokera

James Frazer, m'buku lake The Golden Bough limene linayamba kutuluka mu 1890, anasonkhanitsa miyambo ya mitundu yambiri naphunzitsa kuti anthu akale ankakhulupirira kuti kukumana kwa mwamuna ndi mkazi kumathandiza mbewu kumera. Chitsanzo chimene chinadzatchuka kwambiri ndi cha ku Sumer, kumene nyimbo zakale zimakamba za chikondi cha mulungu wamkazi Inanna ndi Dumuzi. Samuel Noah Kramer, m'buku lake The Sacred Marriage Rite la 1969, anati mfumu inkalowa m'malo mwa Dumuzi pa mwambo wa ukwati wopatulika.

Chofunika kwa ife a zinenero ndi chakuti ngakhale kwawo komweko mayinawa anadzakayikitsa. Akatswiri ambiri a zolemba za ku Mesopotamia tsopano amafunsa ngati nyimbozo zikufotokoza zimene zinkachitikadi kapena zikungophiphiritsa ubale wa mfumu ndi mulungu wake. Stephanie Budin, mu 2008, anapenda mawu a Chiakadi ndi Chigiriki amene ankamasuliridwa kuti hule wa m'kachisi, ndipo ananena kuti kumasulirako kunalibe maziko. Nayenso Margaret Murray, mu 1921, analemba kuti anthu amene ankazengedwa milandu ya ufiti ku Ulaya anali otsatira chipembedzo chakale cha kubereka. Akatswiri a mbiri, monga Norman Cohn mu 1975, anasonyeza kuti umboni wake unali wosankhidwa mokondera. Komabe maganizo akewo anali atathandiza kale Gerald Gardner kukhazikitsa chipembedzo chatsopano cha Wicca m'zaka za m'ma 1950. Apa tikuona dzina likubala chinthu chimene panalibe.

Ngati mayinawa anasokeretsa anthu pa zolemba za kwawo, tili ndi chifukwa chowayesa bwino tisanawalole kutchula za kwathu. Pamenepa Schoffeleers ayenera kuyamikiridwa. M'buku limene anakonza mu 1979, Guardians of the Land, anasankha dzina lakuti territorial cult, ndiye kuti chipembedzo chosunga dziko lonse ndi anthu okhalamo. Dzinali likuyandikira kwambiri zimene kachisi wa Mbona wakhala akuchita, pakuti anthu ankapitako chifukwa cha chilala, madzi osefukira, dzombe ndi miliri, ndiponso mawu a Mbona ankamveka pa nkhani za kalimidwe ndi ulamuliro. Koma funso la Schoffeleers linali la mbiri: kodi Mbona wophedwayo analowa liti m'chipembedzochi? Mawu a Chimang'anja anali antchito a funso limenelo. Kuwapenda pa okha ndi ntchito imene yatsalira ife.

4.0 Mawu a Eni Ake

4.1 Chonde ndi kubereka. Liwu la Chingerezi lakuti fertility limanena za nthaka ndi za munthu yemwe. Chinenero chathu chimagawa malowa pawiri. Nthaka ili ndi chonde. Munthu alibe chonde, ndipo wonena kuti mayi uyu ndi wachonde akhoza kusekedwa. Kumbali ina, mneni wakuti kubereka amagwira munthu, chiweto ndi chomera: mayi wabereka, mbuzi yabereka, chimanga chabereka. Chomwechonso mbewu ndi ya m'munda ndiponso ndi ya munthu. Tsono mgwirizano umene chinenero chikuonetsa uli pakati pa mayi ndi chomera, osati pakati pa mayi ndi nthaka. Tizindikirenso kuti kubereka komweko kumatanthauza kunyamula mwana kumsana, ndipo nsalu yake ndi mbereko. Liwuli maso ake ali pa chipatso ndi kuchisamala, osati pa zimene zinachitika kuti chipatsocho chikhalepo. Womasulira fertility cult kuti chipembedzo cha chonde wasiya anthu; womasulira kuti chipembedzo cha kubereka wasiya nthaka ndi mvula. Kuvuta kwa kumasuliraku ndi umboni wakuti bokosilo silinapangidwire katundu wathu.

4.2 Mkazi. M'Chingerezi Salima amatchedwa spirit wife. Kumasuliraku sikolakwika, koma nkopereweza. Liwu lakuti mkazi limatanthauza munthu wamkazi aliyense, ndipo likatsatidwa ndi wa limatanthauza wokwatiwa. Nanga ukwati kwa Amang'anja nchiyani? Ndi pangano la mabanja awiri, lokhala ndi ankhoswe ake, lomanga anthu ku maudindo a chakudya, nyumba ndi maliro. Pamene Lundu apereka mkazi kwa Mbona, mfumu ndi mzimu akulowa pa chibale, ndipo chibale chili ndi mangawa mbali zonse ziwiri: mfumu isamale kachisi, mzimu usamale dziko. Wowerenga amene akumva wife nangoganiza za kuchipinda waphonya mbali ya ukwati imene imamangidwa pabwalo, imene ndiyo yaikulu pa nkhaniyi.

Dzina lakuti Salima likhoza kugawidwa kukhala sa- wokana ndi -lima, ndiye kuti munthu wosagwira khasu. Kugawaku nkokopa chifukwa kukugwirizana ndi moyo wa mkazi wopatulidwa ku ntchito za masiku onse. Komabe maonekedwe a liwu pa okha si umboni wa chiyambi chake, ndipo wolemba buku lotanthauzira mawu ayenera kulemba kugawaku monga kumasulira kumene kungatheke, osati monga chigamulo.

4.3 Kutentha ndi kuzizira. Apa ndi pamene pagona nkhani. J.W.M. van Breugel, m'buku lake Chewa Traditional Religion limene linasindikizidwa mu 2001, anafotokoza bwino malamulo a mdulo, ndipo malamulo ofanana nawo amadziwika kwa Amang'anja. Munthu amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi amanenedwa kuti ndi wotentha; mwana wakhanda, namwali amene ali m'tsimba, wodwala, ndi munthu amene akudziletsa ndi ozizira. Wotentha akakhudza wozizira, kapena akathira mchere m'ndiwo zake, akhoza kumudula, ndipo nthenda yake ndi mdulo kapena tsempho. Nchifukwa chake pa nthawi ya maliro, ya chinamwali ndi ya nsembe anthu amadika, ndiye kuti amalekana mphasa kufikira mwambo utatha.

Mvula ili mbali ya kuzizira. Chilala ndi dziko lotentha, ndipo aliyense amene anakhalapo ku Nchalo kapena ku Ngabu mwezi wa Okutobala akudziwa kuti limeneli si fanizo lofuna kulifotokoza. Wopempha mvula ayenera kukhala wozizira, ndipo malo opemphererapo ayenera kukhala ozizira: nkhalango yowirira yosadulidwa mitengo, nsalu yakuda, mkazi wosakhudzidwa ndi mwamuna. Mwa njira imeneyi ukwati wa Salima umamveka mosavuta. Pokhala mkazi wa mzimu, iye wachotsedwa m'gulu la akazi amene angakwatiwe ndi anthu. Ukwatiwo ndiwo mpanda womusunga wozizira moyo wake wonse, kuti pakhale munthu mmodzi amene akudika m'malo mwa dziko lonse.

Sitikunena kuti m'chifaniziro cha nsato yoyendera mkazi mulibe kanthu ka mwamuna ndi mkazi. Kalimo ndithu, ndipo eni ake sakukana. Chimene tikunena nchakuti chinenero chikutiuza mmene kanthuko kakugwirira ntchito: mphamvu ya kugonana imazindikiridwa kuti ndi yaikulu ndi yoopsa, ndipo mwambo umaigwiritsa ntchito poiikira malire.

5.0 Kuyerekeza ndi Msinja

Wina akhoza kutitsutsa ndi chitsanzo cha ku Msinja, m'boma la Lilongwe, chimene Rangeley anachifotokoza mu Nyasaland Journal mu 1952, chaka chimodzi asanalembe za Mbona. Kumeneko kunali Makewana, mayi wa ana, wosakwatiwa ndi munthu, ndipo kunali mwamuna wa udindo wa Kamundi amene ankaimira njoka Thunga nakumana naye mwamwambo, makamaka potsekera chinamwali. Apa kukumanako kunali kwenikweni. Kodi izi sizikugwetsa mfundo yathu?

Ife tikuona kuti zikuilimbitsa. Tiyang'ane nthawi imene kukumanako kunkachitika: kumapeto, osati pachiyambi. Chimodzimodzi m'banja, mwana wakhanda akakula masabata angapo makolo amachita mwambo wotchedwa kutenga mwana kapena kupititsa mwana kumphasa, ndipo ukatha mwanayo sangadulidwenso ndi makolo ake. Aneni ogwiritsidwa ntchito pa miyambo yotere ndi a kutenga, kulonga, kumasula ndi kutsiriza. Palibe mneni wa kufesa kapena kumeretsa. Kukumanako kumatseka nthawi ya kudika ndi kubwezera anthu ku moyo wa masiku onse. Frazer akanati anthuwa akuonetsa mbewu chochita; chinenero chikuti akutsegula chitseko chimene anachitseka okha. Khulubvi ndi Msinja tsono ndi mbali ziwiri za lamulo limodzi.

6.0 Dzina la Mbona ndi Mtsutso wa Wrigley

M'chaka cha 1988 Christopher Wrigley analemba mu Journal of African History kutsutsa Schoffeleers. Iye anati nkhani ya Mbona ndi nthano ya mulungu wa njoka ndi mtsinje, yofanana ndi nthano za mitundu ina, ndipo si nzeru kufunamo zochitika za m'zaka za m'ma 1600. Schoffeleers anaumirira kuti nthanoyo inasunga chikumbutso cha nthawi imene ufumu wa Lundu unkakula ndi nkhondo. Sitingaweruze mlandu wa akatswiri a mbiri, koma tikhoza kunena kuti njira yoyerekeza nthano za maiko otalikirana imapeza kufanana msanga chifukwa imayerekeza zomasuliridwa, osati mawu enieniwo. Njoka ya m'Chingerezi ndi imodzi. Kwathu nsato, mphiri ndi songo si chinthu chimodzi, ndipo imene imalemekezedwa ku Khulubvi ndi nsato, yopanda ululu, yokonda malo a chinyezi.

Dzina lenilenilo lili ndi phunziro. Ena amalemba M'bona, ena Mbona. M'kalembedwe kathu kachizindikiro kapamwambako kamasonyeza m woima pa yekha ngati phatikizo, monga mu m'bale. Tikalemba Mbona tikuliika dzinali pamodzi ndi mboni, ndipo onse awiri akhoza kulumikizidwa ndi tsinde lakale la zinenero za Bantu *-bon-, limene kwathu linataya b nkukhala -ona, koma b wake amaonekanso pambuyo pa m. Ngati zili choncho, dzinali likukamba za kuona, ntchito ya mlosi, ndipo silikukamba za kubala. Kusankha kalembedwe kamodzi tsono kumasankhanso tanthauzo, ndipo kuyenera kuchitika titamva mmene okalamba a ku Mbewe ndi ku Khulubvi amatchulira.

7.0 Zimene Zili pa Chiswe

Mmodzi mwa mabuku oyamba aakulu otanthauzira mawu a chinenero chathu anali a Chimang'anja: Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language ya David Clement Scott, ya 1892, imene Alexander Hetherwick anaikonzanso mu 1929. Kuyambira 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, muyeso unasamukira ku kayankhulidwe ka chigawo chapakati. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndi Centre for Language Studies imene inalowa m'malo mwake mu 1996 nkutulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, anagwira ntchito yaikulu yogwirizanitsa kalembedwe. Koma kugwirizanitsa kuli ndi mtengo wake. Kalembedwe ka masiku ano kanasiya bv ndi pf, kotero kuti timalemba vuto ndi fupa, pamene m'chigwa cha Shire anthu amatchulabe bvuto ndi pfupa. Dzina lakuti Khulubvi lapulumuka chifukwa ndi dzina la malo. Mawu a mwambo alibe chitetezo chotero.

Choopsa chachiwiri ndi manyazi. Mawu a mbali imeneyi ndi ophiphiritsa kale: kulowa m'nyumba, kukhala malo amodzi, kupita kumphasa. Wolemba buku lotanthauzira mawu akamasulira chophiphiritsa ndi chophiphiritsa chinzake, wophunzira amatseka bukulo asanamve kanthu, ndipo amapita kukafunsa ku Chingerezi, kumene amapatsidwa mayina aja tawapenda.

Nkhaniyi siithera m'mabuku. Liwu lakuti fisi limatchula nyama; limatchulanso mwamuna wopemphedwa mwachinsinsi kuti abereke m'nyumba ya mnzake wosabereka; limatchulanso mwamuna wolembedwa ntchito pa kusasa fumbi kapena pa kulowa kufa. Mu 2016 nkhani ya mwamuna wina wa ku Nsanje itafalitsidwa ndi BBC, dziko lonse lapansi linamva liwu limodzi lakuti hyena, ndipo mwamunayo anaweruzidwa pansi pa lamulo la Gender Equality Act la 2013, limene limaletsa miyambo yovulaza. Miyambo yokakamiza atsikana ndi amayi amasiye ndi milandu, ndipo iyenera kutha. Koma kuti ithe, woweruza, wazaumoyo ndi mfumu ayenera kutha kuitchula umodziumodzi, m'Chimang'anja ndi m'Chisena momwe, popeza Chisena chimayankhulidwa kwambiri m'maboma awiriwa. Kuunjika zonse pansi pa dzina limodzi la miyambo ya kubereka kumalakwira mbali ziwiri. Kumadetsa kachisi amene lamulo lake lalikulu ndi kudziletsa, ndiponso kumapatsa wozunza pobisala, pakuti amatha kunena kuti zimene akuchita nza makolo zomwe zimabweretsa mvula.

8.0 Mawu Otsiriza

Tikupereka mfundo zinayi kwa okonza za chinenero. Choyamba, mawu a kutentha, kuzizira, kudika, kudula ndi mchere alembedwe ndi matanthauzo awo a mwambo pambali pa matanthauzo a masiku onse, ndipo lililonse liloze kwa anzake, pakuti tanthauzo lawo lili m'kudalirana kwawo. Chachiwiri, pa liwu lililonse lophiphiritsa pakhale chiganizo chimodzi chomveka, chaulemu koma chosazungulira. Chachitatu, katchulidwe ka m'chigwa cha Shire kalembedwe pambali pa kalembedwe ka muyeso, ndi chizindikiro cha dera, kuti wofufuza wa mawa asadzaganize kuti Amang'anja ankati mwavi pamene ankati mwabvi. Chachinayi, pomasulira malamulo ndi mauthenga a zaumoyo, mwambo uliwonse utchulidwe ndi dzina lake lenileni, ndipo mayina ophatikiza a Chingerezi asamasuliridwe liwu ndi liwu.

Schoffeleers anatisiyira nkhani za Mbona monga anazimva kwa anthu a m'chigwachi, ndipo pa chimenecho tili naye ngongole. Iye anamwalira mu 2011, ndipo okalamba amene anamufotokozera nawonso akutha. Mawu amene anagwiritsa ntchito akadalipo m'kamwa mwa adzukulu awo ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo ntchito yowalemba ndi kuwatanthauzira m'chinenero chomwecho ili m'manja mwa dipatimenti ngati yathu ino.